Abakha a Mayi Chikopa Sankadwala

Tiyamike ndi Mphatso, nonse mwakhala mukundiseka chifukwa cha chithunzi cha abakha chimene chili pabalaza pano ku Machinjiri. Mphatso anafika pondiuza kuti kwa anzake pakhoma pamakhala chithunzi cha ukwati, kwathu kokha ndiye alendo amalandiridwa ndi abakha asanu ndi anayi. Ndinkangoseka nanu. Tsopano popeza ndinapuma pantchito, ndipo bondo landiletsa zoyendayenda, ndilembe nkhani yake. Ndikaisiya m'mutu, mudzachitsitsa tsiku lopenta nyumba ino ndipo simudzachibwezeranso.

Chaka choyamba, ku Limbe

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku kabungwe kena kosindikiza timabuku ndi mapositala ophunzitsa alimi. Kanatha kalekale, ndipo dzina lake silingawonjezere kanthu pankhaniyi. Ofesi inali ya zipinda zitatu kuseri kwa sitolo ina ku Limbe. Chachitatucho poyamba chinali bafa, ndipo tinatchinga zenera lake ndi mabulangete kuti tizitsukiramo zithunzi. Ndinayambira m'menemo, kununkha mankhwala tsiku lonse, mpaka wojambula wathu wakale anathyoka mwendo pa njinga yamoto ndipo kamera inagwera m'manja mwanga. Nthawi imeneyo ine ndi mayi anu tinkachita lendi chipinda chimodzi ku Zingwangwa, Tiyamike akadali kumsana.

Bwana wathu anali a Maganga, munthu wamfupi wa ku Chikwawa, wovala tayi ngakhale Loweruka. Sanali woipa mtima, koma chilichonse ankachifuna dzulo. Akakondwa ankanditchula achimwene, akapsa mtima ndinkasanduka Mista Feston. Iwo ndi amene anayamba kutchula matenda anga poyera: "Achimwene, maso muli nawo, koma matako mulibe." Ankanena zoona. Ine sindinkatha kukhazikika pamalo amodzi. Ndikafika pamunda wa mlimi, asanamalize kundipatsa moni ndinali nditajambula kale, maso ali kunjira yobwerera. Pasiteji ndikaona kuti minibasi ikuchedwa kudzaza ndinkatsika n'kuuyamba wapansi, ndipo yomweyo inkandipitirira pa Maselema ndili thukuta kamukamu. Mayi anu ankati ngakhale kutchalitchi ndinkapemphera ngati ndasiya nyemba pamoto.

Zaka zimenezo filimu inkasowa kwambiri. A Maganga ankasunga mafilimu m'dirowa yokiya pamodzi ndi shuga wa tiyi, ndipo filimu imodzi ya kamera yathu inkatulutsa zithunzi khumi ndi ziwiri basi. Inu amene mumajambula mbale ya chipisi kakhumi pafoni simungamvetse. Ukadina molakwika, chithunzi chimenecho chapita, ndipo wokafotokoza kwa bwana ndiwe. Mankhwala otsukira tinkawabwereza mpaka ade ngati tiyi wopanda mkaka, pepala losindikizira tinkalidula pakati. Munthu waphuma ngati ine sankayenera kupatsidwa kamera m'zaka zotero, koma panalibe wina.

Juni, chaka chachinayi

Chaka chimenecho tinapatsidwa ntchito yokonza positala yochenjeza anthu za chitopa, matenda aja opha nkhuku, amene amapotokola khosi mpaka mutu kuyang'ana kumbuyo. Amavuta kwambiri kukayamba kutentha, choncho positala inkayenera kutuluka kuzizira kusanathe. Wina anatitsina khutu kuti ku Bangwe, kwa bambo wina woweta, nkhuku zayamba kale kugwa. A Maganga anatsekula dirowa ija, kundipatsa filimu, nati: "Yomaliza iyi. Mubwere ndi nkhuku yodwala, khosi lioneke bwinobwino. Zokongola sindikuzifuna."

Ndinanyamuka Lachisanu m'mawa kuli chiperoni, chamtundu uja phiri limasowa ndipo kamvula kowaza kamakulowa mpaka m'mafupa. Ku Bangwe ndinapeza nkhuku zitafa dzulo lake, zina atakwirira, zina zitadyedwa kale. Chifukwa cha mantha obwerera chimanjamanja ndinajambula khola lopanda kanthu, nthenga zili pansi, ndi mwini wake akuloza dzenje. Zithunzi zisanu ndi zitatu zinathera pamenepo, ndipo ndinkadziwa ndekha kuti palibe chogwira mtima ngakhale chimodzi. Mayi wina pamsika anandiuza kuti wamva kuti ku Ndirande nakonso zikufa. Sindinafunse kuti kwa ndani. Ndinakwera minibasi, ndinasintha ina, ndipo ndinazungulira Ndirande khomo ndi khomo kufunsa anthu ngati ali ndi nkhuku yodwala. Ena ankandiyang'ana ngati ndabwera kudzawalodza.

Nditatopa ndinatsikira kumtsinje wa Nasolo kuti ndioloke pakamlatho kamatabwa. Pamenepo, pamchenga wa m'mbali mwa madzi, panali abakha asanu ndi anayi atandanda mzere, oyera ndi amawangamawanga, nkhungu ikuwadutsa. Aliyense anali atapinda khosi, mlomo ataubisa m'nthenga za kumsana. Asanu anaima ndi mwendo umodzi, enawo anakhala pansi. Palibe amene ankagwedezeka. Ndiulule kuti mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe choipa, chifukwa ndinaganiza kuti ndapeza chitopa chenicheni.

"Mukujambula ndani, bambo?"

Anali mayi wamtali, wovala juzi yachimuna pamwamba pa chitenje, ataima pakhomo pa kanyumba kamene kanali pamwamba pang'ono pa mchengawo. Chitseko chake chinali chikwangwani chakale cha sitolo, chojambulidwa nsapato yaikulu yofiira. Ndinamva pambuyo pake kuti dera lonselo munthu akafuna mazira a bakha ankangouzidwa kuti apite pa nsapato. Dzina lawo anali Mayi Chikopa. Amuna awo anali atamwalira, ndipo abakhawo ndi amene ankadyetsa ana awo atatu ndi kuwasunga pasukulu.

"Akudwala awa, mayi?" ndinafunsa.

"Akudwala ndani? Ali m'tulo."

"Koma makosiwo."

"Makosi atani? Inuyo kukazizira simukoka bulangete mpaka pamphuno? Bulangete la bakha ndi nthenga zake. Ndipo mundiuze, munaona kuti chodwala chikuima ndi mwendo umodzi? Inuyo malungo atakugwirani mungaime?"

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Anatsika ndi beseni lawo n'kuima pambali panga, akulankhula motsitsa kuti asawadzutse. Anati mwendo winawo amaubisa m'nthenga za pamimba kuti ufunde, ukafunda amasinthanitsa. Anati nkhuku imakwera mumtengo wa gwafa, zala n'kugwira nthambi zokha, n'kugona ngati yafa, moti wakuba amangoithyola ngati chipatso. Bakha ayi. Kenako anandiloza bakha wamwamuna wamkulu woyera amene anali kumapeto kwa mzere, mbali ya kunjira.

"Muoneni uyo. Diso la mbali ya anzake latseka, koma lakunjali likukuonani. Apakatiwo atseka onse awiri chifukwa akudziwa kuti alipo. Akatopa atembenuka, diso linalo ligwire ntchito, ili lipume. Ana anga amamutchula Mlonda."

Ndinayang'ana, ndipo zinalidi choncho. Kadiso kakuda, kowala, kankandiyang'ana pakati pa nthenga, mwini wake ali m'tulo. Ana anga, tsiku limenelo ndinachita chinthu chimene ndinali ndisanachitepo. Ndinakhala pamwala wonyowa pafupifupi ola lathunthu, thalauza likumwa madzi, kudikira kuti nkhungu ipepuke ndi kuti Mlonda atembenuke. Anatembenukadi, mwakachetechete, n'kutsekula diso linalo. Ndinajambula zithunzi zinayi zotsala. Chomaliza chinatenga mzere wonse, ndipo kumbuyo kunaoneka Mayi Chikopa ali pakhomo ndi beseni lawo, nsapato yofiira ili pambali. Potsanzika ndinawalonjeza kuti ndidzawabweretsera chimodzi. Anati: "Tiona, anthu a makamera mumalonjeza."

Julayi, chaka chomwecho

Nditatsuka, ndinaona kuti chomalizacho chinali chithunzi chabwino kuposa zonse zimene ndinajambulapo. Lamulo la ofesi linali lakuti kuseri kwa chithunzi chilichonse uzilemba ndi pensulo chimene chili pamenepo ndi malo ake. Ndinalemba mofulumira monga mwa nthawi zonse: Abakha agona, Ndirande. Ndinachiika pansi pa zinzake n'kupita nazo kwa bwana.

A Maganga anayang'ana khola, nthenga, dzenje, nkhope ikunka nikwinyika. "Mista Feston, nkhuku ili kuti?"

"Ndinapeza zitafa, bwana."

"Ndiye filimu yomaliza mwajambula dothi." Anafika pa chomaliza, anachitembenuza n'kuwerenga. Nkhope inamasuka. "Agona eti? Agonadi awa, sadzukanso. Taonani makosi onse apotokoka. Achimwene, bwanji mwachibisa pansi? Ichi chikuposa nkhuku imodzi."

Mukudziwa kuti kwathu kuno wina akakuuza kuti uje wagona, umayenera kufunsa kuti kugona kwake kuti, chifukwa wotopa amagona, wodwala amagona, ndipo womwalira timatinso wagona. A Maganga sanafunse. Ine ndinkangoyenera kunena kuti ali m'tulo, bwana. Koma sindinatero. Ndinaganizira filimu yomaliza ija. Ndinaganiziranso kosi ya miyezi itatu ya ojambula ku Harare, imene a Maganga anali atandiuza kuti dzina langa alipereka ngati positala ya chitopa ituluke bwino. Ndinali ndisanatulukepo m'dziko muno, ndipo mapazi anga ankayabwa ndikangomva dzina la mzindawo. Ndinadziuza kuti positala ndi yophunzitsa chabe, bakha ndi bakha, ndani angazindikire. Ndinayesako kunena kuti tidule mbali ya kumbuyo, koma iwo anati positala yopanda munthu anthu saiyang'ana. Ndinavomera ndi mutu n'kutuluka.

Positala inatuluka kumapeto kwa mweziwo, zilembo zofiira pamwamba: CHENJERANI NDI CHITOPA. Pansi pa abakha analemba kuti musagule kapena kusunga ziweto zodwala. Inamatidwa m'misika, m'masiteji ndi m'zipupa za magolosale. Anthu ankandigwira chanza, mayi anu anapachika imodzi m'chipinda mwathu monyadira. Ine ndinayamba kudana ndi chipupa chimenecho, ndipo ntchito iliyonse ya ku Ndirande ndinkaipezera chifukwa choikanira.

Ogasiti, Lolemba mpaka Loweruka

Lolemba m'mawa a Maganga anali atapita ku Thyolo. Ndili m'chipinda chotsukira ndinamva kuti pali mlendo wanga. Anali Mayi Chikopa, atavala juzi yomwe ija. Adiresi ya ofesi anaipeza pansi pa positala. Anakana mpando. Anatambasula patebulo positala yong'ambika m'makona, imene anachita kumatula pamsika, n'kuipsinja ndi manja awiri.

"Ndabwera kudzatenga chithunzi changa chija munalonjeza," anatero. "Koma ndaona kuti mwagawira kale mzinda wonse."

Anafotokoza mosakweza mawu. Nkhuku za anthu oyandikana nawo zinali zitayamba kufa, ndipo aliyense ankadziwa nsapato yofiira ija. Pamsika mazira awo ankabwerera onse. Ana awo kusukulu ankatchulidwa ana a chitopa. Abakha awiri anali atagendedwa mpaka kufa. Eni nyumba, a Jumbe, anali atalamula kuti pofika Loweruka m'mawa abakha onse aphedwe, apo ayi Mayi Chikopa asamuke. Anthu amenewa ankaona abakhawo akugona pamchenga tsiku lililonse kwa zaka, koma pepala losindikizidwa linaposa maso awo.

"Ndinakuuzani kapena sindinakuuzeni kuti ali m'tulo?"

"Munandiuza, mayi."

"Ndiye mubwere mudzanene pamaso pa anthu. Ine ndanena mpaka mawu atha. Akuti a ofesi anganame bwanji."

"Ndibwera mawa," ndinatero. Ndipo pamene ndinkanena ndinkakhulupiriradi kuti ndipita.

Lachiwiri a Maganga anafika akuimba kanyimbo, ndi mafomu a pasipoti m'manja. Anandiuza kuti ndikajambulitse chithunzi cha pasipoti kwa wina, popeza wojambula sadzijambula. Ndinalandira mafomuwo ndi manja awiri. Ndinatuluka ngati ndikupita ku Ndirande, ndinakweradi minibasi, koma ndinatsikira panjira n'kubwerera wapansi. Lachitatu ndinadzitsekera m'chipinda chotsukira n'kukulitsa mbali ya kumapeto kwa mzere pa pepala lathunthu, chinthu choletsedwa. Ndinkafuna kuti mwina diso lija lisaoneke, kuti ndidziuze kuti umboni palibe. Pepala lili m'mankhwala, nthenga zinayamba kutuluka, kenako mwendo umodzi uli chilili, kenako diso, lowala kuposa mmene ndinkalikumbukira. Ndinalibisa m'malaya n'kuyenda kuchokera ku Limbe mpaka ku Chichiri, kubwerera, kupitanso. Lachinayi ndinachita zomwezo. Ndinali ndi mantha, ndinali ndi manyazi, ndipo Harare ndinkamufunabe.

Madzulo a Lachinayi mayi anu anali pakhonde akusankha mpunga. Anandiyang'ana nsapato, zili fumbi lokhalokha, n'kufunsa kuti kodi ofesi yasamukira mumsewu. Ndinawauza zonse. Anasiya lichero.

"Ndiye mayiwo anabwera liti?"

"Lolemba."

"Lero ndi Lachinayi. Inu amene simudikira ngakhale madzi kuti awire, mwadikira masiku atatu?" Kenako anati: "Bambo a Tiyamike, ku Harare mukajambulako chiyani, ngati abakha a ku Ndirande akukanikani?" Analowa m'nyumba, anamatula positala ija pachipupa, anaipinda bwinobwino n'kuiika m'thumba la jekete langa.

Lachisanu ndinagogoda kwa a Maganga ndisanavule n'komwe jekete, poopa kuti ndikakhala pansi ndisintha maganizo. Ndinaika pepala lokulitsa lija patebulo n'kunena kuti abakhawa anali m'tulo, mwini wake anandiuza, ndipo ine ndinkadziwa tsiku lomwe iwo anasankha chithunzicho. Anavula magalasi. Anayang'ana diso lija nthawi yaitali. Kenako anandipatsa khomo lothawira, ndipo ndikuganiza kuti anachita dala kuti andiyese. Anati dokotala wa ziweto anawauzapo kuti bakha akhoza kukhala ndi matendawa osaonetsa, ndiye mwina sitinaname kwenikweni.

"Mwina abakha ena, bwana," ndinatero. "Za udokotala sindikuzidziwa. Koma ife tauza anthu kuti makosi awa ndi chitopa, pamene ndi tulo. Mawa m'mawa awapha."

"Mista Feston, mukudziwa kuti mapositala awa afika kutali bwanji?"

"Ndikudziwa, bwana."

"Mafomu aja muli nawo?"

Ndinawatulutsa. Anawaika m'dirowa ya mafilimu ndi shuga n'kukiya. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kukalipa. Anakoka makina otaipira n'kulemba okha kalata yonena kuti ofesi inalakwitsa chithunzi, abakha a pa positala sankadwala, n'kudinda chidindo kawiri. "Anthu anakhulupirira pepala, apatseni pepala," anatero. "Mukamaliza kumeneko muyambe kumatula mapositala, ndi manja anu. Nanenso ndinalakwa, ndinayenera kufunsa."

Loweruka kunacha kozizira, ngati Juni wabwerera. Ndinafika pa nsapato yofiira anthu atasonkhana kale, amayi atafunda zitenje, a Jumbe ali ndi mpeni wonola. Anali bambo wachikulire, wosakonda phokoso, amene ankangofuna kuti alendi ake asiye kukangana. Ndinawerenga kalata ija. Ndinanena dzina langa, ndi kuti amene ananama ndi ine, osati Mayi Chikopa. Ndinayendetsa pepala la diso lija m'manja mwa anthu.

"Dzana ofesi yanu yati akudwala, lero ikuti ali m'tulo," anatero a Jumbe. "Ndiye ife timve pepala liti?"

Anayankha ndi Mayi Chikopa. "Musamve lililonse, bambo. Khalani pansi muone nokha."

Tinakhala. Mayi Chikopa anatsekulira abakha, ndipo abakhawo anatsikira kumadzi, anasamba, anatuluka n'kuyamba kudzikonza nthenga, osafulumira ngakhale pang'ono. Anthu ena anayamba kung'ung'udza kuti ali ndi zochita. Ine miyendo inkandiyabwa, koma ndinaigwira ndi manja. Patapita nthawi, mmodzi anapinda khosi, wina anakweza mwendo, mpaka onse anakhala ndendende ngati pa positala. Mayi wina ananong'ona kuti taonani, ayambanso. Pamenepo Mayi Chikopa anagogoda beseni la madeya ndi chikho. Makosi onse anawongoka nthawi imodzi, ndipo abakha anathamangira kumtunda akugwedeza michira, mmodzi mpaka anadutsa pakati pa miyendo ya a Jumbe. Anthu anaseka. A Jumbe anakulunga mpeni wawo m'nyuzipepala n'kunena kuti abakha akhale, bola awamangire mpanda.

Ine sindinaseke, chifukwa ndinali nditawerenga. Pa chithunzi anali asanu ndi anayi. Awiri anagendedwa Lolemba lisanafike. Pabeseni panali asanu, ndipo wamwamuna woyera uja panalibe. Anthu atabalalika ndinafunsa.

"Lachinayi masana," anatero Mayi Chikopa, akukolopola madeya m'beseni. "Kwa bambo wina kumtundaku nkhuku zinatha zonse, ndiye anatsika ndi chibonga. Mlonda ndi amene anayamba kumuona n'kudzutsa anzake. Iwo anathawira m'madzi. Iye anali kumapeto, mbali ya kunjira, pamodzi ndi thadzi lina loikira." Anandiyang'ana koyamba tsiku limenelo. "Munati mubwera Lachiwiri."

Zaka zotsatira, mpaka lero

Milungu iwiri ndinayenda m'misika ndi mpeni wa tebulo kumatula mapositala, ndipo ena anali atamatidwa molimba moti ndinangopala nkhope ya Mayi Chikopa ndi nsapato ija. Ku Harare kunapita munthu wina. Ine ananditumiza ku Ngabu kukagawa timabuku panjinga, wopanda kamera, zaka ziwiri. Mphatso, iwe unabadwira kumeneko. Kutentha kwa kumeneko kumakhazika pansi ngakhale munthu wopanda matako, ndipo masana onse ndinkakhala pansi pa mtengo kuyang'ana mbalame, popeza ndinalibe chojambulira. Ndinaona njiwa zikufufumitsa nthenga mpaka khosi kusowa, akakowa ataima ndi mwendo umodzi m'dambo, anamzeze atandanda pawaya dzuwa likamapendeka. Nthawi zonse maso anga ankathamangira kwa wakumapeto.

A Maganga anandiitanitsanso okha. Anandipatsa kamera ija osanena zambiri, kungoti: "Achimwene, kuseri kwa chithunzi muzilemba chiganizo chathunthu." Tinagwira limodzi mpaka kabungweko kanatsekedwa. Kenako ndinajambula maukwati ndi zithunzi za ziphaso ku Chilomoni, filimu inatha ntchito, makamera a kompyuta anabwera, mafoni anatimaliza tonse. Phuma silinandithere, mukudziwa nokha, koma sindinaperekenso chithunzi kwa munthu osamuuza chimene chili pamenepo. Mwezi wa Juni uliwonse, chiperoni chikagwa, ndinkanyamuka m'mawa kukasaka abakha m'makhwawa, ndipo mayi anu ankangondiponyera chipewa. Ndili ndi zithunzi zambiri za abakha ali m'tulo, koma palibe chofika pa choyamba chija.

Nditangobwerera kuchokera ku Ngabu ndinasindikiza chithunzi chija pa pepala labwino kwambiri limene tinali nalo, ndinachiika m'fulemu, n'kupita nacho ku Ndirande kukakwaniritsa lonjezo. Ndinapeza mpanda wa nsungwi uli chilili, abakha atachuluka, mwana wawo wamkulu ali ku sekondale. Chitseko anali atachipaka utoto wakuda. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando ndi tiyi. Anagwira fulemu ija, anayang'ana mzere wonse kuyambira kumanzere, ndipo chala chawo chinaima kumapeto, pa Mlonda. Kenako anandibwezera.

"Sungani inuyo, bambo," anatero. "Ine ndimamukumbuka wopanda pepala. Amene mumaiwala ndinu."

Choncho chithunzi chili pabalazachi si changa, ndi cha Mayi Chikopa, ndikungowasungira monga anandiuzira. Mukadzachitsitsa popenta, mudzachitembenuze. Mawu a pensulo aja ndinawakoperanso kuseri mmene ndinawalembera tsiku loyamba, ndipo pansi pake ndinalemba masiku atatu, Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi. Mukatero muchibwezere pa msomali womwewo, moyang'anana ndi mpando wanga.